Thandizeni, mamba a njoka amawerengedwa bwanji?

Membala wobisa dzina: Abale anga, tulo sindikutiona. Dzulo ndaona za njoka kuseri kwa nyumba, pamulu wa njerwa zomwe eni nyumba anaunjika chaka chatha ati amanga mpanda, mpaka lero zii. Udzu sadula, koma lendi ikangochedwa tsiku limodzi amafika okha pakhomo. Makoswe ndiye osanena, amachokera kukhola la aneba, ukawauza amakuyang'ana ngati wawatukwana. Bambo a kunyumba akungoseka, ati ndine wamantha. Ndinamva kuti ukawerenga mamba umadziwa mtundu wa njoka. Ndawerenga ndapeza 24, kubwereza 27, kachitatu mwana wandisokoneza. Ndi yaululu imeneyi?

Bambo wa Mapasa: Mayi, mukuwerenga mamba a mamba? Mtima mulinawo 😂

Mlimi Wakale: NJOKA SAWERENGA, AMAPHA! Galu wanga anafa ndi mphiri ine ndikuona, mutu unatupa ngati mtsuko. Ya mutu wa makona atatu ndi yaululu, basi. Za masamuzi n'za anthu osalumidwapo.

Mphunzitsi Wopuma: Choyamba mayi, mukuwerenga pa chiyani? Njoka yamoyo, yakufa, kapena khungu lomwe yafundula? Yamoyo musaiyandikire, ijambuleni muli patali. Yakufa kumene imathanso kuluma, mutu musaugwire.

Mlimi Wakale: Kujambula? Ikulumeni muli kalikiliki ndi foni!

Mphunzitsi Wopuma: Achikulire, za mutuzo zapusitsa ambiri. Mamba wakuda mutu wake ndi wautali, wowonda, pomwe njoka zina zopanda ululu zimaphwatalitsa mutu zikaopsezedwa. Mayi, ngati ndi khungu, liyaleni, mupeze pakati penipeni pa thupi. Muyambire pambali pa mamba akuluakulu apamimba, apamimbawo osawawerenga, muzikwera mopingasa kudutsa pamsana mpaka mbali inayo. Kawirikawiri nambala imatuluka yosagawika pawiri, chifukwa pali mzere umodzi woyenda pamsana penipeni. 24 wanuyo mwina mwalumpha mzere. Kufupi ndi khosi kapena mchira mizere imasintha, n'kutheka ndi pomwe 27 wachokera.

Mayi wa Atatu: Ine nkhani ya eni nyumbayo ndiyo yandikhudza. Athu anakana kukonza denga miyezi isanu, tikuika mabeseni pabedi. Samukani mayi.

Mlimi Wakale: Thirani oyilo wakuda kuzungulira nyumba. Ine zaka zonsezi ndimatero.

Bambo wa Mapasa: Nanga galu uja anafera kuti, achikulire?

Mlimi Wakale: Iwe usandiyankhe mwachipongwe, galu anafera kumunda!

Wokonda Zakutchire: Oyilo amangoononga dothi. Chotsani njerwazo, dulani udzu, thanani ndi makoswe, njoka imatsata chakudya ndi pobisala. Komanso nambala imodzi siikwanira. Mamba wakuda amakhala ndi mizere 23 mpaka 25, koma mamba wolavula uja nayenso amapezeka momwemo. Mphiri ili ndi 29 mpaka 41, ndipo mamba ake ali ndi kamzere kotukuka pakati, ukakhudza khungu limakhala lokhakhala. Muwerengenso apamimba: mphiri safika 150, mamba wakuda amapitirira 240. Onaninso ngati apansi pa mchira ali awiriawiri kapena amodziamodzi. Kutalika kwa khungu musakukhulupirire, limatanuka pofundula. Ndipo muli dziko liti? Gulu lino muli anthu a mayiko ambiri, njoka zake n'zosiyana.

Mlimi Wakale: Akamawerenga mpaka 240 ana ali kuti? Ine ndanena, ndatha.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Eni nyumba ndawaimbira, akuti njoka si yawo, sanabwere nayo ndi iwo. Tangoganizani! Ndawerenganso ndapeza 25.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, 25 pa chiyani? Khungu kapena njoka?

Mlimi Wakale: IPHENI KAYE, muwerenga bwino pambuyo pake!