Ndikufuna kupita ndi bambo ku gofu ku St Andrews, ku Scotland, mwezi wabwino ndi uti?

Mwana wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bambo anga asewera gofu ku Limbe Country Club kuyambira ndili wamng'ono, ine ndikuwanyamulira chikwama. Chaka chamawa akubwera kudzandiona kuno ku Leeds, ndipo mtima wanga uli poti akaponde Old Course, bwalo lotchuka la gofu la ku St Andrews. Tili ndi masiku asanu. Tipite liti?

AnaPhiri:
Achimwene, sankhani Meyi kapena Juni. Mu Juni kunja kumawalabe mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Nyengo yozizira ayi, mphepo ya kunyanja ingawapweteke madala, komanso bwalo lina lapafupi la Kingsbarns amalitseka. Samalaninso ndi kumapeto kwa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala, pa Old Course pamakhala mpikisano wa Dunhill Links.

Che Jafali:
Old Course sungangofika n'kuyamba kumenya mpira. Amachita maere kutatsala masiku awiri, ndipo amafuna umboni wa handicap (nambala yosonyeza luso la wosewera) yosapitirira 36, ndiye bambowo asaiwale chikalata chawo. Ife tinalephera kawiri, kachitatu mwayi unatigwera. Podikira sewerani New Course kapena Jubilee, mabwalo ena ali pompo. Carnoustie ndi kungowoloka mtsinje wa Tay kudzera ku Dundee, koma ndi bwalo louma mtima, ine ndinatayako mipira inayi.

Lamulungu sasewera pa Old Course, anthu amangoyendapo ndi agalu awo. Tsiku limenelo mukawajambule pa kamlatho ka Swilcan mosathamanga.

Mwana wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri. Juni yemweyo basi. Sitima titsikire pati?

AnaPhiri:
Leuchars, kenako basi kapena takisi, mphindi zochepa chabe. Muwagulire jekete la mvula.