Wosewera wanga akufuna kupanga mfuti mu D&D, ndimulole?

Abale okonda masewera a patebulo, ndigawireni nzeru. Ndine DM (woyendetsa sewero ndi kufotokoza nkhani yake) wa kagulu kathu ka Dungeons & Dragons, sewero limene aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani yopeka, ndipo dziko limene timaseweramo ndinalipeka ndekha potengera ufumu wa Maravi. Kuli Kalonga, kuli osula makasu, kuli amalonda a minyanga, ndipo m'malo mwa chinjoka chouluka ndinaikamo napolo. Tsono mmodzi wa osewera, amene munthu wake m'sewerolo ndi wosula zitsulo, akufuna kupanga onga ndi mfuti ya gogodera. Akuti anthu amene akhala akusungunula chitsulo m'ng'anjo kwa mibadwomibadwo sangakhalebe pa uta ndi mkondo mpaka kalekale.

Mfundo yake ndi yomveka. Ku Ulaya mizinga inalipo kale mu 1326, pamene zovala zachitsulo zokuta thupi lonse, zija zimadzaza m'zithunzi za masewerawa, zinafala m'zaka za m'ma 1400. Apwitikizi nawonso anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, ndiye mfuti si yachilendo kwenikweni pa nthawi ya Maravi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi osewera enawo. Iwo anabwerera mikondo, zishango ndi matsenga, ndipo sindikufuna munthu mmodzi awasinthire dziko lonse. Ndimulole kapena ndimukanize?

Yankho loyamba:
Achimwene, muloleni, koma avutikire. Makala opangira onga apeza pakhomo pomwepo, nanga sulufule wake akamupeza kuti? Umenewo ndi ulendo wonse, gulu lonse lipite naye. Komanso gogodera ndi wochedwa kuthira onga, amatha kuphulikira mwini wake, ndipo onga ukanyowa ndi mvula basi zathera pomwepo. Wa uta amakhala ataponya kale mivi ingapo iye asanawombe kachiwiri.

Yankho lachiwiri:
Funso langa n'lakuti, anthu a m'dziko lanulo amadya chiyani? Ngati ndi nsima ya chimanga ndiye mwapatuka kale pa mbiri, chifukwa chimanga, chinangwa ndi mtedza zinachokera ku America pambuyo pa 1492. Makolo ankadya ya mapira ndi mawere. Koma palibe wosewera amene angadandaule, poti nsimayo ndi imene imamupangitsa kumva kuti ali kwawo. Ine ndimasunga zimene anthu anazolowera, ndimalimbikira zoona pokhapokha pamene zikukometsa nkhani.

Yankho lachitatu:
Ine sindikugwirizana nazo zongomuvutitsa ndi sulufule. Ganizirani amene angaope mfutiyo. Wamatsenga amaphunzira zaka zambiri kuti aponye moto, pamene mlimi wamba angaphunzire kuwomba m'masabata ochepa. Ndiye amatsenga a ku bwalo la Kalonga sangangokhala chete. Adzafuna kumugula wosulayo, kumubera luso, kapena kumupha. Apa mwapezanso chifukwa chimene dziko lanu linachedwera kutukuka: alipo amene akhala akupondereza luso lotere. Onaninso Eberron, dziko la D&D limene linatuluka mu 2004. Kumeneko kuli sitima yapamtunda yoyendera matsenga, chifukwa matsengawo ndi amene anagwira ntchito ya makina.

Wofunsa uja:
Zikomo nonse. Ya amatsenga oopa mfutiyi yandigwira mtima, ndipo ikhoza kupatsa osewera enawo mbali yosankha. Koma akulu a yankho lachitatu, nanga adani akalanda mfuti imodzi n'kuyamba kusula zawo, mumaletsa bwanji kuti midzi yonse isadzaze gogodera? Alipo amene zinamuchitikirapo patebulo pake?