Ndime 7 ya malamulo a chigayo cha mpunga: titchule magulu kapena tingoti "aliyense"?

Mlembi wa gulu: Makolo ndi abale onse a ku Nkhotakota, komiti yamaliza kulemba malamulo oyendetsera chigayo cha mpunga chimene tikumanga, koma yagawikana pa ndime 7. Ena akufuna kuti ndimeyi ingonena kuti aliyense alandiridwe mwaulemu popanda tsankho, pamene ena akufuna kuti itchule anthu achialubino, aulumali, okalamba, amayi ndi amene ali ndi kachilombo ka HIV. Tikupempha maganizo anu tisanakatule chikalatachi kwa mfumu yaikulu.

Bambo Phiri, ku Dwangwa: Ine ndaima pa mawu akuti "aliyense". Mndandanda ukangoyamba sutha, chifukwa mawa anzathu obwera kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe adzafunsa chimene tidawasiyira, ndipo amene sadalembedwe adzaoneka ngati alibe wowateteza. Komanso ndikuopa kuti kulemba magulu pa chikwangwani cha pachigayo kuli ngati kuwaloza chala pagulu.

Mayi Nabanda, ku Blantyre: Bambo Phiri, nkhawa yanu ndaimva, koma malamulo aakulu a dziko lino a 1994 sadasankhe njira imene mukunenayo. Gawo 20 limaletsa tsankho, kenako limatchula mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina, ndipo limatsiriza ndi mawu osonyeza kuti chifukwa china chilichonse chofanana ndi izi ncholetsedwanso. Ndiye kutchula sikutseka chitseko. Ngakhale gawoli lidalipo, aphungu adaonabe kuti nkofunika kukhazikitsa lamulo la aulumali mu 2012, la kusasiyanitsa amuna ndi akazi mu 2013, ndi kukhwimitsa zilango mu 2016 anthu achialubino atayamba kubedwa ndi kuphedwa. Mawu akuti "aliyense" adalipo nthawi yonseyo, koma sadaletse manda kufukulidwa.

Bambo Mwale, ku Linga: Ndiloleni ndilankhule monga bambo wa mwana wachialubino. Pa chigayo nthawi yokolola mzere wa matumba umafika kunja, ndipo munthu amadikira padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana. Kwa ambiri a inu kumeneko nkutopa chabe, koma kwa mwana wanga ndi zilonda za pakhosi ndi m'makutu, zimene zikanyalanyazidwa zimasanduka khansa ya pakhungu, ngakhale atavala chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali. Mnyamata wolemba malisiti akawerenga kuti aliyense ndi wofanana, adzamuuza kuti aime pamzere monga anzake, ndipo adzakhulupirira kuti watsata lamulo. Akawerenga kuti wachialubino adikire pamthunzi ndipo agayitse msanga, adzadziwa chochita. Zilinso chimodzimodzi ndi anyamata amene akaona wachialubino amakuwa kuti "ndalama zikudutsa": iwo amati ndi nthabwala, ndipo sadzaziona ngati tsankho pokhapokha ndimeyi itanena poyera. Anthu a m'boma lathu lomweli adasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wa Nkhotakota North East mu 2021, woyamba wachialubino ku Nyumba ya Malamulo, choncho sindikuona chotichititsa manyazi kulemba dzinali.

Che Saidi, ku boma: Ndikugwirizana ndi Bambo Mwale, ndipo ndikupempha kuti okalamba asangotchulidwa m'mndandanda, koma ndimeyi iletse mwachindunji kunena munthu kuti ndi mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kale zimenezi, komabe injini ikangozima gogo wina atangothira mpunga wake, tonse tikudziwa mawu amene amayamba kunong'onedwa pamzere. Chipembedzo nachonso chilembedwe, popeza kwathu kuno Asilamu ndi Akhristu timagayitsa pamodzi, ndipo wantchito wopita ku mzikiti Lachisanu masana asadulidwe malipiro pamene mnzake amapuma Lamulungu.

Mayi Nambewe, namwino: Pa za HIV pokha ndikupempha kuti tisamale. Tiletse kuchotsa kapena kukana munthu ntchito chifukwa cha kachilomboka, koma tisaike mwayi wapadera umene ungafune kuti munthu adziulule kwa komiti kapena aonetse buku lake la kuchipatala. Pamenepa mantha a Bambo Phiri ali ndi maziko.

Bambo Phiri: Ngati dzina lililonse likhala ndi chochita chake, osati kungolembedwa kuti tikondweretse otithandiza ndi ndalama, ndibweza mawu anga. Koma mzere wotsiriza unene kuti mndandandawu sutsekera kunja wina aliyense, ndipo pa chikwangwani palembedwe zochita zokha, mayina a magulu akhale m'buku la malamulo.

Bambo Mwale: Za mthunzi ndi kugayitsa msanga zilembedwe pa chikwangwani ndi dzina lomwe, apo ayi ena pamzere adzayesa kuti ndi kukondera.

Mlembi wa gulu: Komiti ilemba ndime 7 mwatsopano ndi kuitumiza pano Loweruka kuti tivote, ndipo nkhani ya chikwangwani tiivotera payokha. Amisiri auzidwa kuti awerengere mtengo wa khonde la mthunzi ndi njira yotsetsereka ya njinga za aulumali asanathire simenti pakhomo.