Zipangizo zina zikulowa pa intaneti zina ayi, Wi-Fi ndi imodzi yomweyo

Wamawaya: Akuluakulu thandizeni nzeru, ndili kwa kasitomala ndipo mutu waima. Foni ikulumikizika ku Wi-Fi bwinobwino timizere tonse todzadza koma intaneti njee, pomwe laputopu ya mwana wawo pa tebulo lomwelo ikuonetsa YouTube osadukiza. Akuti masiku ena zimasinthana, laputopu ndi imene imakana foni nkumayenda. Rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi mnyumba, ndazimitsa ndayatsanso, a kampani ya intaneti akuti kwawo kulibe vuto ndipo kanyali kake kakuyakadi

Wamagetsi: Adaputa ya magetsi ya rautayo mwaiona achimwene? ikafooka rauta imazima yokha nkuyakanso mwini nyumba osadziwa

Wamawaya: Ndinaganizako koma ikanakhala imeneyo onse akanamaduka limodzi, apa wina akudandaula wina akuonera kanema

Wophunzira: Mwina ndi tchanelo, njira yomwe siginolo ya Wi-Fi imadutsamo, bwana, pa 2.4 GHz pamakhala podzadza ndi ma rauta a oyandikana nawo, yesani 1, 6 kapena 11 poti ndi amene salowerana, komanso microwave ikamayaka imasokoneza pompo

Mayi_wa_maseva: Mfundo ndi yoona mwanawe koma si matenda a nyumba imeneyi. Tchanelo chodzadza chimapangitsa intaneti kukwawa, kudukaduka, sichisankha kuti lero foni iyi isalowe ndi pang'ono pomwe. Achimwene musagwirenso masetingi kaye, ineyo sindikonda kusintha zinthu tisanaone manambala chifukwa mumabisa vuto lenileni nkuwonjezera lina. Tsegulani pa foni yokanayo muone IP address (adiresi yake pa netiweki) ndi gateway (khomo lotulukira ku intaneti) yomwe yapatsidwa, pa laputopu lembani ipconfig /all, mutiuze zonse ziwiri

Wamawaya: Laputopu yoyenda ili pa 192.168.1.24 gateway 192.168.1.1. Foni yokana ili pa 192.168.0.103 gateway 192.168.0.1. Eee koma rauta ya mnyumba muno ndi 192.168.1.1 tu

Mayi_wa_maseva: Basi tamugwira. Ikanayamba ndi 169.254 tikanati palibe amene wayankha foniyo yadzipatsa yokha adiresi, koma apa alipo wayankha ndipo si rauta yanuyo. Mnyumbamo muli chinthu chachiwiri chikugawa ma adiresi. Chipangizo chikamalumikizika chimafuula pa netiweki yonse kupempha adiresi, ndiye ma DHCP, ogawa ma adiresiwo, akakhala awiri onse amayankha ndipo nthawi zambiri chimangotenga yankho lofika msanga, lero wapambana uyu mawa uyo, nchifukwa chake zikusinthana, ndipo amene wagwera kwa wachiwiriyo amauzidwa kuti khomo lotulukira ndi 192.168.0.1 komwe kulibe intaneti. Tsatani mawaya onse otuluka kumbuyo kwa rauta mpaka komwe akuthera

Wamawaya: Amayi mwalasa. Waya wina wadutsa kudenga mpaka kuchipinda, kuseri kwa TV kuli karauta kakale kofumbirira, akuti anakaika kuti Wi-Fi izifika kumeneko. Waya walowa pa bowo la LAN, la zipangizo za mnyumba, ndipo DHCP ndi yoyatsa. Ndingokachotsa?

Mayi_wa_maseva: Ayi musachotse, anthuwo anali ndi chifukwa, makoma a konkire amadya siginolo makamaka ya 5 GHz, ndipo poti waya ulipo kale ndi bwino kuposa kuwagulitsa repeater, kachipangizo kofikitsa Wi-Fi patali popanda waya, yomwe imadula liwiro. Kazuleni kaye pa waya waukuluwo, kalumikizeni ku laputopu kokha, mulowe pa 192.168.0.1 mukapatse adiresi ngati 192.168.1.2 kenako muzimitse DHCP, bola muonetsetse kuti rauta yaikulu siigawa nambala imeneyo kwa ena, ngati ikuyambira pa 2 isunthireni iziyambira pa 100. Dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zifanane kuti foni izisamuka yokha munthu akamayenda mnyumba, koma matchanelo asiyane, ina 1 ina 11. Apa ndiye mfundo ya mwana wathu uja yagwira ntchito

Wophunzira: Zikomo amayi. Nanga kungosamutsa waya kupita pa bowo la WAN, lolowera intaneti, sizingatheke?

Wamagetsi: Intaneti ibwera aise koma wapanga manetiweki awiri mnyumba imodzi, printa kapena TV ikakhala mbali ina foni ya mbali inayo mwina siiona, kasitomala akuimbiranso sabata isanathe

Wamawaya: Zatheka akuluakulu. Ndauza aliyense azimitse Wi-Fi nkuyatsanso kuti atenge adiresi yatsopano, zonse zili pa 192.168.1 tsopano, ping yoyesera intaneti pa 8.8.8.8 ikuyankha kuchipinda ndi pabalaza pomwe. TV yokha ndi imene inakakamira adiresi yakale mpaka ndinaizula pa soketi

Mayi_wa_maseva: Musananyamuke matani kapepala pansi pa karautako mulembe adiresi yatsopano ndi kuti DHCP ndi yozimitsa, ndipo muwauze kuti akadzadina reset DHCP idzayakanso yokha