Thandizeni: Bitcoin ndi atolankhani ku El Salvador

Abale ndi alongo, ndithandizeni kumvetsa. Okonda Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, amati ndi ndalama yaufulu, boma silingaitseke. Nanga bwanji ku El Salvador, komwe pulezidenti Nayib Bukele adaivomereza kukhala ndalama ya dziko mu 2021, atolankhani ali m'madzi? Mu 2022 a Citizen Lab, gulu la akatswiri ofufuza la ku Canada, adapeza pulogalamu yaukazitape ya Pegasus m'mafoni a atolankhani a nyuzipepala ya El Faro, ndipo mu 2023 nyuzipepalayi idasamutsira ofesi yoyendetsa ntchito zake ku Costa Rica. Mu 2025 ku El Salvador kudabweranso lamulo lodula msonkho wa 30 peresenti pa thandizo lochokera kunja.

Ndiye nyuzipepala italandira thandizolo m'Bitcoin, osadzera ku banki, ingapulumuke msonkhowu, kapena kumeneko n'kudziputira ndende? Odziwa malamulo akumeneko, tiuzeni chonde.