Gulu la Banja: Za Kamakina ka Chitsirizira

Achemwali aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Ndangochoka kwa chitsirizira wathu. Masabata awiri chichirireni, koma akati atembenuke pabedi akuchita kulira. Kubafa akupita chokhwekhwereza mapazi, atagwira khoma. X-ray yaonetsa kuti mafupa a pachinena anatalikirana mamilimita 14, ndipo adokotala akuti akapitirira 10 ndiye kuti alekana.

Azakhali a ku Leeds: Mayo mwana wanga. Mugulireni TENS ija ndinanena. Kuno azimayi amabwereka ngakhale pa nthawi ya matenda. Ndi kamakina ka mabatire, umamata timapepala kumsana m'munsimu, kamanyerenyetsa, ululu sufika bwino ku ubongo.

Malume: Magetsi m'thupi mwa munthu woyamwitsa? Ine ayi.

Achemwali aakulu: Malume, a fizio, achipatala othandiza kulimbitsa ziwalo aja, ndi amene avomera. Akuti sikalumikiza mafupa, kamangochepetsa ululu kuti agone ndi kuyamwitsa. Lamba wa m'chiuno, ndodo zoyendera ndi pilo pakati pa mawondo zikhalepobe.

Achimwene a ku Joni: Ndakapeza ku famase kuno. Ndikagula Lachisanu ndikalandira, koma mundibwezere. Tinagwirizana K15,000 aliyense, tilipo 9, atumiza 4.

Malume: Amayi athu anabereka ana 8 kumangidwa chitenje m'chiuno basi. Magetsi ayi.

Azakhali a ku Leeds: Achimwene, ndipo amayiwo anayenda motsimphina mpaka liti? Munali wamng'ono inu.

Msuweni: Pepani kudula, alipo wamva za makuponi a fetereza kumudzi?

Alamu: Mayina sanatuluke. Mvula nayo yayamba kale kuopseza.

Msuweni: Chaka chino tiona zakuda.

Achemwali aakulu: Abale, fetereza mawa. Munthu akulephera kunyamula khanda lake lomwe kuchoka pamphasa. Amene simunatumize, Airtel Money kapena Mpamba, nambala ndi yomwe ija. Ena mukuwerenga, timizere tabuluu tikutiona.

Achimwene a ku Joni: Zisakhale ngati za chiliza zija. Sinditchula munthu.

Alamu: Ine yanga ndinapereka pamanja kwa achemwali Lamlungu kutchalitchi. Mundilembe chonde.

Achemwali aakulu: Zoona alamu, ndinaiwala. Akwana 5.

Malume: Akadzamugwira magetsiwo musadzandiitane.

Azakhali a ku Leeds: Sikalowa kukhoma achimwene, ndi mabatire ngati a tochi. Asamangosamba nako, asagone nako tulo, asamate pakhosi kapena pa bala. Akayambe motsitsa, a fizio amuonetse pomata. Ine ndatumiza yanga ndi ya malume anuwa pa Mukuru.

Malume: Sindinakane kupereka ine. Ndikungoti magetsi.

Achemwali aakulu: Zikomo azakhali, akwana 7. Awiri otsalawo ndiwaimbira madzulo. China, ndani akagone naye sabata yamawa? Bambo a mwana ayamba ntchito ya usiku, ine Lolemba ndibwerera kusukulu.

Alamu: Ndipita ine mpaka Lachinayi. Achimwene a ku Joni, mukapatsira basi ya tsiku liti kuti ndikadikire kudepoti?