Masheya a Nabanda ku banki m'khonde: 48 kapena 53?

Nabanda: Amlembi, mwandilembera masheya 48 bwanji? Masabata 12 amene ndinali ku Lilongwe ndi odwala ndinatumiza K54,000 pa Airtel Money. Kuchotsa K500 ya thumba la ngozi, patsala K53,500. Amenewo ndi masheya 53, chenji pamwamba.

Mlembi: Mayi, ine ndangowerenga zidindo za m'kabuku kanu. Zilipo 48.

Nabanda: Kabuku kanali m'bokosi, mwini wake kulibe. Ndidziwa bwanji mmene munkadindira?

Msungichuma: Aaa a Nabanda! Bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu. Ndiye tonsefe tagwirizana kukuberani?

Wapampando: Amayi, tisatukwanane pano. Aphunzitsi, tiwerengereni.

Aphunzitsi: A Nabanda, munkatumiza ndalama yofanana sabata iliyonse?

Nabanda: Eya, Lachitatu lililonse.

Aphunzitsi: Chabwino. Ndalama ya masheya ya pa sabata tiitche x. Munkatumiza x ndi K500 ya ngozi, masabata 12:
12(x + 500) = 54,000
12 ameneyu sachulukitsa x yekha, amachulukitsa zonse za m'mabulaketi, 500 yemwe.
12x + 6,000 = 54,000
Tichotse 6,000 mbali zonse ziwiri:
12x = 48,000
Tigawe ndi 12:
x = 4,000
Sheya imodzi ndi K1,000, ndiye munkagula masheya 4 pa sabata. 4 kuchulukitsa ndi 12, ndi 48.

Nabanda: Nanga 6,000 yatulukira kuti? Ya ngozi ndi K500.

Aphunzitsi: K500 pa msonkhano uliwonse, mayi. Inu mwaichotsa kamodzi kokha, pamene munaipereka ka 12. Tsegulani meseji imodzi, ikunena zingati?

Nabanda: K4,500.

Aphunzitsi: Ndi imeneyo. K4,000 ya masheya, K500 ya ngozi.

Naphiri: Ndipo thiransipoti ija tinakutumizirani odwala atagonekedwa inachoka m'thumba lomwelo, achemwali.

Nabanda: Imeneyo ndinathokoza kale, a Naphiri, musandikumbutse pagulu. Masamu ndawamva. Koma munthu amene sanakhale nawo pa msonkhano azilipirabe ya ngozi?

Msungichuma: Zili m'malamulo amene tinasainira tonse poyamba chaka.

Wapampando: Masheya akhala 48. Zosintha malamulo mubwere nazo Lachitatu tidzavote. Amlembi, mudzatenge kope la malamulo lija. Tiyamba 2 koloko, wochedwa chindapusa K200.